Masokosi a Basela

Mwana atakwanitsa miyezi isanu ndinayamba kugulitsa pa intaneti zovala zake zomuthina. Tinkakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kufupi ndi Beaumont, kuno kudziko la eni, ndipo zovalazo zinadzaza zikwama ziwiri pansi pa bedi. Anthu a kutchalitchi anatipatsa zambiri zoti mwana mmodzi sakanazimaliza. Bambo ake amakonza m'ndege ku eyapoti, amachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Ine satifiketi yanga ya kukoleji inali m'sutikesi pamodzi ndi zitenje zimene sindinavalepo chibwerereni kuno.

Ndinene zoona, masiku amenewo sindinkamva kalikonse. Mwana akalira ndinkamunyamula, kumuyamwitsa, kumusintha thewera, zonse pa nthawi yake, ngati munthu waganyu. Namwino atabwera kudzationa anandifunsa kuti ndikupeza bwanji. Ndinati bwinobwino, iye n'kulemba. Sindinkalira, sindinkasekanso.

Pomwe ndinkagulitsirapo ndi paja pa okushoni: umaika chithunzi cha katundu, anthu n'kumapikisana mitengo mpaka tsiku lotsekera. Wogula akalandira katundu amakupatsa nyenyezi, kuyambira imodzi kulekeza zisanu, n'kulembapo mawu pang'ono. Aliyense wofuna kugula kwa iwe amayamba waona pamenepo. Anandiphunzitsa zonsezi ndi anti ena a kutchalitchi, osamalira okalamba, omwe amagulitsa nsapato ndi zikwama akaweruka.

"Mng'ono wanga, uziika free postage," anandiuza tikumwa tiyi titatuluka m'tchalitchi. "Anthu a kuno ukawalipiritsa positi, ngakhale two euro, amakudula nyenyezi, ati wawabera. Koma ukati positi ndi yaulere, katundu achedwe, amakhululuka. Za sitampazo uzingoziphatikiza pa mtengo woyambira."

"Nanga si kunama kumeneko, anti?"

"Kunama kwake kuti? Kondakitala wa minibasi anayamba wakulipiritsa mafuta padera?"

Ndinawamvera, ndipo zinayendadi. Ndinkayeza phukusi pa sikelo ya kukhitchini, kumata masitampa okwanira kulemera kwake, n'kukaponya m'bokosi lobiriwira la makalata pakona, kuopa kuima pamzere kupositi ndi mwana. Nyenyezi zinkabwera zisanuzisanu. Wina analemba kuti zovala zinali zochapa bwino, wina kuti ndine wogulitsa wachilungamo. M'mawa ndikadzuka ndinkayamba ndaona foni, kenako mwana. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili. Pafoni paja ndi pokhapo pamene munthu ankandiuza kuti china chake ndachichita bwino.

Chimene anti sanandiphunzitse ndi basela. Chimenecho ndinabwera nacho ndekha. Mayi anga ankagulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa Limbe, ndipo kasitomala sankachoka wopanda kadzanja kowonjezera. Amayamba ayeza, wogula aone kuti zakwana, akatero ndiye n'kutapa kena n'kuthira pamwamba. Basela sakwera sikelo. Ndinakula ndikudziwa kuti wogulitsa wosaika basela ndi wouma manja. Ndiye m'phukusi lililonse ndinkaponyamo kanthu, kachipewa kapena kansalu kopukutira dovu, ndisanamate.

Tsiku lina mayi wina wa ku Skerries, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, anapambana okushoni ya tiovololo tisanu ta khanda. Anandilembera kuti nditumize msanga chifukwa mwana wake anabadwa masiku asanakwane ndipo zonse zimene anagula zikumukulira. Ndinayeza, ndinamata masitampa. Kenako ndinaganiza za kamwana kaja ndi mphepo ya kunyanja, ndinatenga mapeyala atatu a masokosi aubweya ndi chipewa choluka, n'kuika pamwamba. Ndinamata n'kukaponya. Zoyezanso sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

Patatha sabata ndinadzuka n'kupeza nyenyezi imodzi. Analemba m'Chingerezi kuti positi sinali yaulere ayi. Masitampa anali operewera, analandira kakhadi koti akatenge yekha phukusi, anapita pa basi ndi khanda, n'kulipira asanamupatse. Anawonjeza kuti mkati munali zinthu zimene sanaitanitse.

Ndinawerenga katatu. Mwana anali akulira, ndinamuyamwitsa foni ili m'manja.

Poti ondiyamikira anali asanachuluke, nyenyezi imodziyo inkaonekera patali. Maokushoni awiri otsatira anatseka popanda woikapo mtengo. Malamulo a pamenepo amalola wogula kusintha zomwe analemba ngati wogulitsa wapempha, koma pali masiku ake, akadutsa basi. Ndinatumiza pempho. Ndinalemba uthenga wopepesa, ndinati ndibweza zomwe analipira. Zii.

"Mayi a mwana, ndi zapafoni izi," anatero bambo ake akuvula nsapato. "Tidya nyenyezi ife?"

Ndinawauza anti kuti ndikufuna ndipiteko, adiresi ndili nayo.

"Iwe! Usayerekeze. Kuno sagogoda pakhomo pa munthu chisawawa. Akuitanira apolisi, ine usanditchule."

Koma kwathu munthu ukamulakwira supepesa pa kalata. Umapita, akuone nkhope. Ndinayesa kudziuza kuti kuno si kwathu, koma Lachinayi m'mawa ndinapezeka ndamuveka mwana jekete, ndaika ndalama ija mu envulopu, ndili pa siteshoni.

M'sitima ndinakhala pafupi ndi chitseko, phazi litaponda buleki ya pulema ya mwana. Nyanja inkaoneka n'kubisika. Sindinkachita mantha. Ndinkangobwereza mawu a Chingerezi oti ndikanene, ndipo nthawi iliyonse ndikafika pa basela ndinkakakamira.

Nyumba yake inali m'kamsewu kotsikira kudoko. Ndinagogoda kawiri. Anatsegula pang'ono, mayi wamsinkhu wanga, tsitsi losapesa, malaya ali ndi madontho a mkaka pachifuwa. Ndinapinda maondo n'kupereka envulopu ndi manja awiri. Sanalandire. Anandifunsa kuti ndine ndani, ndikufuna chiyani. Nditatchula za tiovololo nkhope yake inasintha, anagwira chitseko mwamphamvu.

"Mwabwera kunyumba kwanga chifukwa cha zimene ndinalemba?"

Ndinati ndabwera kudzapepesa. Ndinafotokoza za sikelo, za masitampa, ndi kuti kwathu munthu akagula timamuwonjezera kanthu pambuyo poyeza, ndiye kanthuko ndi kamene kanalemeretsa phukusi. Ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati zamisala. Kumbuyo kwake, pansi m'khonde la mkati, munali kampando konyamulira khanda. Ndinangoona timiyendo. Tinali titavala masokosi aubweya aja, achikasu, opindidwa kawiri.

Anaona kuti ndawaona.

"Ndinalira pamzere paja kupositi," anatero mayiyo. "Pamaso pa anthu."

"Pepani."

Anayang'ana mwana wanga m'pulema, kenako ine. "Mumagona inu?"

"Ayi."

"Inenso ayi."

Analandira envulopu ija ndi zala ziwiri. Anati zosintha nyenyezi aona, koma ndisadzapitenso pakhomo pa wogula, si bwino, anthu amaopa. Ndinati ndamva. Anatseka, ndinamva akukhoma.

Ndinakankha pulema mpaka kudoko chifukwa sitima yobwerera inali isanakwane. Mphepo inali yoluma. Ndinakhala pabenchi, ndinamuyamwitsa mwana nditamufunditsa jekete langa, ndikuyang'ana maboti. Ndinatsegula foni. Nyenyezi inali imodzi yomweyo.

Ndinkaona m'mawa uliwonse mpaka masiku osinthira anadutsa. Sanasinthe. Mwina anaiwala, mwina sanafune, mwina pakati pa kuyamwitsa ndi kuchapa panalibe pogwirira foni. Bambo a mwana sindinawauze kuti ndinapita. Anti ndinawauza patatha mwezi, anagwira pakamwa n'kunena kuti ndili ndi mwayi, ndipo basela ndimusiye, kuno kulibe amene amamudziwa.

Ogula anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo mawu a mayi uja anatsikira pansi, pofunika kupukusa kangapo kuti uwapeze. Ine ndimapukusa. Positi ndimalembabe kuti ndi yaulere. Basela sindinamusiye, kungoti masiku ano amayamba kulowa m'phukusi ndi iyeyo, kenako zovala, kenako ndimate, ndiyeze zonse pamodzi. Mayi anga ataona akhoza kunena kuti ameneyo si baselanso.