Mavitamini a m'bokosi la machesi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuno ku Nkhulambe kwabwera bambo wina panjinga, akugulitsa timapiritsi tofiira. Akuti ndi mavitamini odzutsa mazira m'mimba mwa mayi. Mng'ono wanga Estere wasinthanitsa ndi nandolo wake yense, poti mwamuna wake akuwopseza kubwerera kwawo chifukwa chosowa mwana.

Bambo wapanjingayo amuikira timapiritsito m'bokosi la machesi. Ndagwira kamodzi ndi dzanja lonyowa, utoto wonse watsalira m'zala, mkati mwake ngati choko.

Ndati tikaonetse kaye anamwino. Bamboyo akuti, "Ayi mayi, achipatala akangoona, mphamvu imatha."

Bokosilo ndalanda, Estere sakundiyankhula. Amalume, inu mukuti bwanji? Mavitamini anji oopa namwino?