Tulo Tomwe Anatipatsa a Direitoro

Chaka chomwe ndinali mu desima, kalasi ya khumi, ku shikola kwathu ku Tsangano kunabwera a direitoro atsopano oyang'anira shikola yonse, bambo a m'tauni ovala majekete awiri chifukwa cha chisanu chathu. Atationa tikuwodzera m'kalasi m'mawa uliwonse, anatimvera chisoni n'kuitanitsa makolo.

"Ana a msinkhu uwu thupi lawo limafuna tulo ta m'mawa," anatero. "Kuyambira Lolemba azilowa masana. Agone mokwanira, mitu itseguke."

Ababa anga anaomba m'manja kuposa aliyense. Ine mumtima ndinati eya, akuluwa amva. Kupusa kwanga!

Lolemba lakelo kusanayere ndinamva ababa akumenya chitseko gu gu gu. "Iwe, dzuka! Paja shikola ndi ya masana." Pakhomo panali ndowa ziwiri, kudambo dimba la kachewere likudikira.

Kale shikola ya m'mawa ndiyo inkanditchinjiriza, ine osadziwa. Ndinkadzuka kutayera, kusamba, ulendo. Tsopano ndinkayamba ndi madzi oluma zala, mzere ndi mzere, kenako kupalira, kenako kuthamangira ku shikola dzuwa lili paliwombo. Tulo tija sitinathe ayi. Tuloto tinangosamukira masana, titanenepa.

A direitoro akasuzumira pa zenera ankapeza theka la kalasi mitu ili pansi. "Kodi inu simukhuta tulo?" Iwo anawerenga mabuku onena za tulo, koma m'dimba sanapondemo. Nanga mwana ungaimirire n'kuneneza bambo ako kwa munthu wa majekete awiri?

Ine ndinkafuna unamwino, ndipo ababa anali atanena kale kuti ndikalephera desima, basi, kubwereza kulibe. Ndinawapempha kamodzi kokha.

"Ababa, bwanji ndipume kuthirira mpaka ezame, mayeso aja, ithe?"

"Akupatsa m'mawa wonse waulere, ukufunanso chiyani? Kachewere sadziwa ezame."

Tsiku la matematika ndinathirira kaye. Funso loyamba ndikulikumbuka, lachiwirinso. Chotsatira ndi dzanja la a pulofesolo, aphunzitsi athu, likusolola pepala pansi pa tsaya langa, litanyowa dovu.

Zotsatira atazipachika pakhoma, dzina langa linali lofiira. Ababa sadziwa kuwerenga, koma kufiira amakudziwa. Njira yonse yobwerera ankaimitsa aliyense, ngakhale wosafunsa.

"Mwana uyu ndi ulesi wokhawokha. Boma lamupatsa tulo mpaka masana, iye kukagonanso mu ezame!"

Anthu ankapukusa mitu, ine ndili pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Zinandiwawa, ndipo sindibisa, zimandiwawabe.

Koma kachewere chaka chimenecho anabereka, abale! Mpaka lero ababa akakhala pakhonde amamutchula, amati dzanja lawo linali labwino. Ine ndimangoti indedi ababa, n'kunyamula ndowa zanga kupita kudambo.