Mmene Dzina la Che Bakali Linasandukira Mawu

Che Bakali anali telala wa pakhonde la golosale ina ku Malindi. Anali munthu wamanyazi. Ukabwera ndi nsalu ankangokuyeza, n'kutchula tsiku lodzatenga, basi. Kaunjika atachuluka pamsika anthu anasiya kusoketsa zovala, ndiye iye anatsatira anzake ku Joni, kumene anapeza ntchito yosoka makatani. Kumudzi anasiya mkazi wake Abiba ndi mwana woyamwa, Shakila. Anati sakachedwa. Koma mapepala ake anatha, ntchito inkatha n'kupezekanso, ndipo zaka zina ngakhale foni sankaimba posowa chonena. Anabwerera imvi zitayamba, Shakila ali kale pabanja.

Atatsika basi pa boma la Mangochi anakwera matola opita kwawo. Munalibe womuzindikira. Pafupi naye panakhala amayi awiri ochokera kogulitsa usipa, mabeseni ali pamiyendo.

"Amuna anga anabakala nditangochira mwana wachiwiriyu," anatero mmodzi.

"A Dyson omwe aja kubakala?" anafunsa mnzakeyo, onse n'kuseka.

Bambo wina amene anakhalira thumba la chimanga anapukusa mutu. "Ine kubakala ayi. Ndingayende bwanji pakati pa amuna anzanga?"

Che Bakali anamva dzina lake mkati mwa mawuwo. Anamuyandikira bamboyo. "Pepani achimwene, ndakhalitsa kunja. Kubakala n'kutani?"

"Ndi zimene telala wina wa ku Malindi anamuchita mkazi wake. Dzina lake Bakali. Mudzi wonse unaona."

Sanafunsenso. Iye ankadziwa chinthu chimodzi chokha chimene anamuchita mkazi wake mudzi wonse ukuona: kumusiya ndi khanda.

Abiba anamulandira mosachulutsa mawu. Anamutenthetsera madzi osamba, n'kupha nkhuku. Koma Che Bakali sankatuluka kumpanda. Abale akabwera kudzamulonjera ankayankha akuyang'ana pansi. Lachisanu litafika anati mutu ukumupweteka, ku mzikiti sanapite. Ankaganiza za Shakila, amene anakula akumva dzina la bambo ake likutchulidwa paliponse pamene mwamuna wathawa banja.

Mmawa wina Abiba akupeta mpunga pakhonde anamuyang'ana n'kuika lichero pansi.

"Bambo a Shakila, mwabwera kapena mukadali ku Joni? Chikukuvutani n'chiyani?"

Che Bakali anafotokoza zimene anamva pamatola paja. "Zakuti ndinakulakwirani ndikuzidziwa. Koma sindinkadziwa kuti dzina langa lasanduka chitonzo mpaka pa boma."

Abiba anayamba kuseka, mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake.

"Inu mwaiwala za ndowa?"

"Ndowa iti?"

"Ndili ndi pakati pa Shakila, miyendo itatupa ija. Ndani ankapita kumjigo? Si inu, ndowa pamutu, nkhata mutapanga ndi zidutswa za nsalu za eni ake? Munkaima pamzere pakati pa amayi, madzi akukuchuchirani m'khosi. Mukabwerako n'kuyamba kuchapa."

Che Bakali anakumbukira. Kwa iye sinali nkhani. Madzi ankafunika pakhomo ndipo panalibe wina wokatunga.

Abiba anamufotokozera mmene mawuwo anayendera. Anayambitsa ndi asodzi a kudoko, ponyoza: mnzawo akachedwa kubwera kudzakonza ukonde ankamufunsa ngati anali kubakala. Amayi a kumjigo atawamva anawatenga n'kuwatembenuza. Mayi akatuluka m'chikuta, anzake ankamufunsa ngati bambo wa pakhomo akubakala, ndipo woyankha kuti inde ankachitiridwa kaduka. Kenako anankungwi anayamba kuwatchula polangiza akwati. Ogulitsa usipa ndiwo anawafikitsa pa boma.

"Ndiye si za kuchoka kwanga?"

"Amuna opita ku Joni osabwerako ndi ambiri kuno, mawu ake alipo kale, amati kutchona. Zimenezo tikambirana ine ndi inu, sizinathe ayi. Koma wosenza ndowa munali nokha."

Che Bakali anapuma mozama, n'kutsamira chipupa. Anapempha tiyi, ndipo anamwa makapu awiri ndi chinangwa, koyamba kudya mokhuta chibwerereni.

Lachisanu lotsatira anavala mkanjo wake n'kupita ku mzikiti. Atatha mapemphero, akuluakulu a msinkhu wake anamuzungulira panja akuseka, wina n'kunena kuti anawapalamulira mlandu, chifukwa akazi awo sasiya kumutchula.

Zokambirana ndi Abiba zija zinatenga miyezi, ndipo zina zinali zowawa. Lero Che Bakali amasoka pakhonde la nyumba yake, makamaka mayunifolomu a sukulu ndi kuchepetsa za pakaunjika. Maso anafooka, ulusi amamulowetsera m'singano ndi Abiba. Achinyamata ena amene amabwera kudzachepetsa mathalauza amalimbikira kuti kubakala ndi Chiarabu, ena amati ndi Chiyao chakale. Iye sawatsutsa. Amangowauza kuti aimirire bwino awayeze m'chiuno.