Ziwala Zopepuka za ku Kya Sand

Kuseri kwa mafakitale a ku Kya Sand kunali tchire la udzu wautali, ndipo mvula ikakata linkanunkha dothi lotentha ndi utsi wa matayala. Linali dzinja lathu loyamba ku Joni, patangotha zaka zochepa azungu atasiya kulamulira dzikolo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu itatsekera, amayi anandipatsa botolo ndi ntchito yogwira ziwala za ndiwo, monga tinkachitira kwathu ku Ntcheu. Lamulo lawo linali limodzi. Ziwala Malemba anazilola, koma chofa chokha kapena chojiwa ndi chilombo sichinkalowa m'nyumba mwathu.

Chiwala chamasana n'chochenjera, ndipo udzu unkandicheka miyendo. Tsiku lina ndinapeza ziwala zing'onozing'ono zitagona pansi pa waya wa mpanda, zathunthu, mapiko ali bwinobwino. Ndinatola. Mawa lake ndinapezanso zina. Ndinkazisakaniza ndi zamoyo, n'kumadziuza kuti zangokomoka ndi dzuwa. M'chiwaya zinkangoyoyoka ngati mankhusu.

"Ziwala za ku Joni zilibe mafuta, zili ngati mabwana ake," anatero abambo, tonse n'kuseka.

Mwini wa ziwalazo ndinamuona masana ena dzuwa likuswa mtengo. Pa waya panatera chintchentche chachitali, chotuwa ngati udzu wouma, cha miyendo yaminga, maso otuzuka ndi ndevu zolimba kukamwa. Chinakhala duu, mutu wokha ukutembenuka. Kachiwala katadumpha, icho chinanyamuka, n'kukawakha m'malere, n'kubwerera nako pamalo omwewo. Chinabaya kukamwa kwake kosongoka kuseri kwa mutu wa kachiwalako. Miyendo inaphiriphitha pang'ono, kenako zii. Chinayamwa mosafulumira, mimba yake ikufufuma, mpaka chinataya khoko pafupi ndi phazi langa. Linali lofanana ndi zomwe zinali m'botolo.

Ndinasanza pomwepo. Malovu a chinthu chimenecho anali atadutsa m'chiwaya cha amayi, ndipo abambo ankawadalitsa ndi pemphero. Masiku atatu ndinkangoyang'ana ndiwo m'mbale, osadya. Akati tipemphere, ndinkatsinzina koma sindinkanena Ameni. Ndinkaopa kuti ndikaulula, amayi sadzakhulupiriranso chilichonse chochokera m'manja mwanga.

Tsiku lachinayi ndinawauza amayi akuchapa pa mpopi. Anapukuta manja pa chitenje, nati, "Tiye ukandionetse." Tinaima pa mpanda mpaka chintchentchecho chinagwira njuchi. Amayi analavulira kumbali.

"Chonyansa ndithu. Koma ichi chikudya poyera. Iwe unabisa."

Chiwaya anachikwecha ndi mchenga kawiri. M'mawa mwake anandipatsanso botolo, ndipo nditabwerako sanasuzumiremo.

Nditakula ndinawerenga kuti malovu a chintchentche chija amasungunula zam'kati mwa chimene chagwira, ndi kuti ana ake amakulira m'dothi la udzu womwewo akudya mbozi zowononga mizu. Tchire lija pano anamangapo. Ndikakumbukira chintchentchecho chimandinyansabe, sindinama. Ndili mwana ndinkafunsa Mulungu chifukwa chake analenga chinthu chotere. Lero ndimangodziwa kuti Iye ankachidyetsa tsiku ndi tsiku pa waya paja, ndipo amene anafunika kukhululukidwa ndinali ine.