Dzanja langa paphewa la apongozi

Mdzukulu wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ya unamwino ku dziko la Apwitikizi, anabwera chaka chatha ndi zithunzi zambiri. Zina anazijambula m'nyumba yosungiramo ndege zakale, imene kumeneko amaitcha muzeu. Anandiwonetsanso makina ake ojambulira, kanthu kolowa m'thumba la malaya. Anati diso la kamakinako silikoka chinthu chakutali monga amachitira makina ena. Ukafuna kuti ndege yonse ilowe umabwerera m'mbuyo ndi mapazi ako, ukafuna mphuno yake yokha umayandikira. Anati n'chifukwa chake zithunzi zake zimatuluka zowala bwino.

Zinalidi zowala. Ndege zonse zinali zopukutidwa, zozunguliridwa ndi chingwe kuti ana asazikhudze. Pa chithunzi chachinayi ndinaizindikira: ya mphuno yaikulu yobulungira, ya chitsulo chopukusa mphepo kutsogolo.

"Si yokongola, agogo?" anandifunsa.

Ndinawona manda opaka njereza, oyera kunja.

Pa nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Chiputo, ndili ndi ana awiri. Ndege ya mtundu umenewo ndi imene inatentha nkhokwe zathu, ati chifukwa tinkadyetsa anyamata a m'tchire omenyera ufulu. Apongozi anga aamuna inawapeza kudimba akuthamangitsa ng'ombe, ndipo tinawaika m'manda tsiku lomwelo. Pasanapite nthawi asilikali anatisamutsira ku mudzi wa waya waminga kufupi ndi Fingoe, umene ankautcha aludeyamento. Apongozi aakazi anapita nafe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditakhala pakhomo pawo, ndipo ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'udzu. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ngakhale m'mudzi wopanikizana uja, pamene khomo linkayang'anana ndi khomo, ulemu umenewu tinausunga. Zambiri anatilanda, koma ichi chinatsala.

Lolemba lina m'mawa anatitenga anthu ngati makumi awiri, amuna ndi akazi, n'kutipatsa ndowa ndi masanza. Anatitengera ku bwalo lotera ndege. Ndege ya mtundu uja inali itaima pamenepo, yodetsedwa ndi mafuta ndi fumbi lofiira, ndipo anatiuza kuti tiitsuke. Ine ndinapatsidwa kunsi kwa phiko, pamene pali zitsulo zokolekapo mabomba. Ndinazipukuta mpaka zinanyezimira. Fungo lake linali la mafuta opserera, ndipo linakhala m'mphuno mwanga sabata yonse. Mumtima ndinkaganiza za anthu a Mulungu akale amene ankaumbira njerwa mfumu yowazunza, koma iwo sanauzidwe kuti atsuke lupanga limene linapha atate awo.

Titamaliza panafika sarijento, mkulu wa kagulu ka asilikali, ali ndi kamakina kojambulira pachifuwa, kakang'ono ngati ka mdzukulu wangayu. Ankafuna chithunzi cha ndege yoyera ndi ife tili pansi pa phiko, ngati anapiye. Poti ndinaphunzirako Chipwitikizi pang'ono ku misyoni, anandiitana kuti ndizimasulira. Anabwerera m'mbuyo, diso limodzi lili pa makina, n'kubwereranso, mpaka waya waminga unamukola malaya kumsana. Anatukwana. Malo obwerera anamuthera, ndipo ife a m'mphepete sitinkalowa m'chithunzi. Ndiye anayamba kutipanikiza ngati matumba. Anandikankha paphewa, ndinadzandira, ndipo nditaima ndinapeza chigongono changa chikukhudza nsalu ya apongozi.

Iwo anakoka mpango n'kuphimba nkhope.

Sarijento anafunsa chimene chavuta gogoyo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndikanangoti akudwala maso. Koma ndinali munthu wowopa bodza, ndipo ndinaganiza kuti aliyense wobadwa mwa mkazi angamvetse. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti awa ndi amayi a mkazi wanga, ndipo kwathu mkamwini saima pafupi nawo, sawakhudza, sawayang'ana. Anaseka mpaka kugwira mawondo. Anaitana anzake awiri kuti adzamve. Mmodzi anati kwawo akanakhala ndi lamulo lotere akanakwatira kalekale.

Kenako sarijento anapukuta misozi ya kuseka, nati, "Rapazi, ika dzanja paphewa lawo." Rapazi ndiye kuti kamnyamata, ine bambo wa ana awiri. Nditazengereza nkhope yake inasintha. "Kodi ndiwe tura?"

Limenelo linali dzina limene ankatchulira anyamata a m'tchire, ndipo munthu akalipatsidwa ankakwezedwa galimoto osabweranso. Ndinakweza dzanja. Phewa lawo linali mafupa okhaokha, ndipo silinanjenjemere. Linali ngati ndagwira mtengo wouma. Sarijento anati ndiwauze avule mpangowo aseke. Motero mawu oyamba amene ndinalankhula kwa apongozi anga maso ndi maso, m'zaka zonse zija, anali akuti, "Amayi, akuti museke."

Anachotsa mpango pang'onopang'ono. Sanaseke. Ankayang'ana patsogolo, kupyola sarijento, kupyola waya. Amene anaseka ndine. Palibe amene anandiuza ine kuti ndiseke, milomo inangotseguka yokha, monga galu amagwedezera mchira kwa womumenya. Makina analira katatu, iye akukoka kachitsulo ndi chala chachikulu pakati pake, ndipo kulira kwachitatu ndinakumva ngati tambala uja amene analirira munthu wokana Mbuye wake.

Kunyumba ndinatsuka dzanjalo ndi phulusa ndi mchenga mpaka linatuluka magazi. Lamulungu sindinapite kukatsogolera nyimbo pansi pa mtengo umene tinkapempherera. Ndinkadziwa kuti Mulungu amakhululuka, koma sindinkadziwa ngati apongozi adzandiyesanso munthu, kapena ngati ndidzakhale chinthu chimene sachipatukira panjira poti palibe ulemu woti n'kuchisungira.

Tinali ndi nkhuku imodzi yaikazi, imene mkazi wanga anaibisa m'nsalu pochoka ku Chiputo. Mkamwini akalakwira apongozi amapepesa ndi nkhuku. Ndinaimanga miyendo n'kumupatsa mkazi wanga kuti akapereke. Sanachedwe. Anabwera nayo ili m'khwapa, n'kukhala pansi asakundiyang'ana.

"Akuti nkhuku ibwerere, ana azidya mazira," anatero. "Akuti dzanja lija silinali lanu, linali la eni ndege." Anamasula luzi ku miyendo ya nkhuku. "Koma akuti mano aja anali anu."

M'mawa mwake ndinakumana ndi apongoziwo pa njira ya kuchitsime, atasenza mtsuko. Ndisanaganize chochita, iwo anapatukira m'udzu n'kutembenuza nkhope, monga kale. Ndinadutsa ndikulira. Anandisungira ulemu umenewo mpaka tsiku limene anamwalira, nkhondo itatha, tili kwathu. Za mano sanazitchulenso, ndipo ine sindinapeze nkhuku yozilipira.

Chithunzi chija sindinachiwonepo. Mwina chili m'bokosi la nkhalamba ina kutsidya la nyanja, ndipo adzukulu ake amaloza munthu wakuda wosekerera pansi pa phiko, n'kumati anthuwa ankatikonda.

Ndinamufunsa mdzukulu wanga chimene chinalembedwa pa kachikwangwani kali patsogolo pa ndegeyo. Anati analemba kulemera kwake ndi liwiro lake. Kenako anafuna kundijambula ine, ndipo anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khola la mbuzi.

"Sekaniko, agogo. Zithunzi zanu zonse mumakhala ngati muli pamaliro."

Ndinamuuza kuti ajambule choncho.