Makutu a Achiutsi

Bambo anga anayamba kuyang'anira boyila ya pa fakitale yochapa zovala ine ndisanabadwe. Anzawo amawatcha Achiutsi pofuna kuwaputa, chifukwa akaona utsi wakuda pachumuni amalusa ngati wawatukwanira mayi.

Mafuta a boyila ndi olemera, amayenda ngati uchi, ndipo sayaka bwino pawokha. Pakamwa pa paipi amakumana ndi nthunzi yamphamvu imene imawamwaza kukhala nkhungu, ndiye moto umagwira. Nthunziyo ikabwera ndi madzi, moto umatsokomola n'kuzima, mafuta n'kumathirikabe m'ng'anjo yotentha. Pamenepo nyumba yonse itha kuphulika. Geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi bambo ankaiona ngati chokongoletsa. Iwo ankamvetsera.

Koma makutu aja anayamba kutha. Kunyumba tinkachita kukuwa, kuntchito ankangogwedeza mutu n'kumamwetulira. Ine ndimasita m'chipinda choyandikana ndi boyila, ndipo mtima sunkakhala m'malo.

"Iwe, pakamwa pako usamale," bambo anandiuza. "Akandichotsa ndizikatani pakhomo, kulondera nkhuku?"

Tsiku lina m'mawa ndikusita, ndinamva kuseri kwa khoma: phu! phu! Kenako zii. Ndinasiya simbi n'kuthamanga. Ndinawapeza atafulatira boyila, akupukuta sipanala mwaufulu.

"Ababa, wazima!"

Sanacheuke. Ndinawakoka malaya. Atasuzumira pakagalasi koonera moto m'ng'anjo anaona mdima, nkhope yawo n'kusintha. Anatseka mafuta, nayatsa fani kuti ikankhire mpweya woipawo kunja. Fungo la mafuta linkatsamwitsa, ndipo kuseri kwa khoma anzanga ankaseka, osadziwa kanthu. Tinaima pomwepo mpaka m'ng'anjo mutayera. Atatsegula kampopi ka pansi pa paipi ya nthunzi, madzi anatuluka kuti thyaa.

Apo n'kuti kapitawo atalowa n'kuima kumbuyo kwawo.

"Achiutsi, simunaumve?"

Bambo anapitiriza kumanga kampopi. Kapitawo anabwereza mokweza. Palibe. Ndiye kapitawoyo anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, ukundibisira chiyani?"

Ndinkawakonda bambo anga, komanso ndinali nditatopa ndi mantha, ndipo anzanga osita aja ali ndi ana.

"Samva, akapitawo. Ndi kalekale."

Sindinadziwe kuti bambo anali atacheuka. Mawu anga sanawamve, koma milomo anaiona. Anaika sipanala pathebulo mwakachetechete, navula magolovesi.

"Wanena zoona," anatero, osandiyang'ana. "Koma ndikanakonda akanati anene wina."