Mendulo ya Wina, Manda a Wina

"Anakulera, anagulitsa ng'ombe kuti iwe upite kusekondale, lero ukufuna kuwavula malaya ali m'manda? Galu wosayamika!"

Ameneyo ndi mkulu wanga Gwakisa, mwana wa bambo anga aakulu, kundikalipira Lamulungu lapitali pamaso pa banja lonse. Anakalipa m'Chinkhonde. Ndakutembenuzirani m'Chichewa, ndipo ndachotsako mawu awiri amene nyuzipepala singalembe.

Inenso sindinamusiye. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti mtima wanga uli pafupi. Ndinaimirira, mpando nkugwa chagada, ndipo ndinamuuza kuti mendulo yobwereka siisandutsa munthu kukhala msilikali. Azimayi anagwira pakamwa. Msonkhano unathera pomwepo.

Nkhani yake nayi. Tikumanga chiliza pamanda a bambo aakuluwo, a Ambokile, amene anatisiya chaka chatha. Mmisiri athira simenti Loweruka likubwerali, ndipo mawu adzawalemba ndi msomali simenti isanaume. Gwakisa akufuna palembedwe kuti, "Msilikali. Anamenya nkhondo ku Burma." Mendulo ali nayo, yokulungidwa bwino m'kansalu, ndipo inabwera m'dzina la bambo ake.

Vuto ndi limodzi lokha. A Ambokile ku Burma sanapiteko. Ulendo wawo wautali kwambiri unali wa ku Mbeya, kokagula makasu.

Amene anapita ndi mng'ono wawo Lusekelo, bambo anga ondibereka.

Nthawi ya nkhondo yachiwiri ija kunabwera mesenjala ndi mayina a amuna ofunika kuboma. Dzina la a Ambokile linali pomwepo. Koma iwo ndiwo ankasamala ng'ombe za banja, dimba la mpunga ndi makolo okalamba. Akuluakulu anakhala pansi nkugwirizana kuti apite wamng'ono. Mapepala a nthawiyo analibe zithunzi. Kalaliki ataitana kuti "Ambokile!" bambo anga anayankha kuti "Ndine," nkukwera galimoto. Ine ndinali ndisanayambe kuvala kabudula.

Sanabwerere. Uthenga utafika, pamudzi anaika thunthu la nthochi m'malo mwa thupi. A Ambokile analowa chokolo, monga mwa mwambo wathu, nkutenga amayi ndi ine. Kenaka kunabwera mendulo. Poyamba inkangokhala pamsomali. Patapita zaka anayamba kuivala mwezi wa Novembala, pa tsiku lokumbukira asilikali. Odziwa zoona anatha mmodzimmodzi, ana anakula akuona mendulo pachifuwa cha agogo awo, ndipo bodza linalowa m'nyumba mopanda odi.

Amayi anandiuza zimenezi akudwala, atatsala pang'ono kutisiya. Gwakisa akuti anali mawu a munthu wodwala. Ndiye ndinalemba kalata ku ofesi yosunga mabuku akale ku Zomba. Yankho linatenga miyezi, koma linabwera. Likuti Ambokile anafera ku Burma.

Ndinamufunsa mkulu wangayo kuti, "Nanga achimwene, chaka chatha tinaika ndani?"

Iye akuti akalaliki amalakwitsa.

Musandimve molakwa, owerenga. A Ambokile sindikuwada. Anandilera ngati wawo. Ng'ombe ija anagulitsadi, ndipo inali yamkaka. Zimenezo tilembe pasimenti, ndi zilembo zikuluzikulu, ine ndigwira msomali. Koma m'munsi mwake ndikufuna mzere umodzi wokha: "Lusekelo, mng'ono wake, anapita m'malo mwake ndipo sanabwerere." Kodi pamenepa ndavula munthu malaya?

Bambo anga alibe manda kuno kwathu. Pamene anaika nthochi paja pano ndi munda wa chinangwa. M'buku la boma dzina lawo mulibe. Tikalembanso dzina la wina pa imfa yawo, atsala ndi chiyani? Munthu anapereka dzina, anapereka moyo, mkazi ndi mwana anasiyira mnzake. Tiwalandenso nkhondo yawo?

Tsono nkhaniyi si ya banja langa lokha. Lowani m'nyumba za kuno ku Karonga, kuchokera ku Wovwe mpaka kumalire. Mupeza chikhoti chachikulu chankhondo chimene ana amafunda m'nyengo yozizira. Mupeza kapu yachitsulo yotungira mchere, lamba wa chikopa womangira mtolo wa nkhuni. Funsani kuti mwini wake anamenyera kuti, anapita ndi ndani, anabwerako bwanji. Akuuzani kuti "kunkhondo," basi. Nkhondo iti? "Ya azungu ija."

Malipenga ndiye timavina, ndipo timavina bwino kuposa aliyense. Kabudula wosita, masokosi ofika m'maondo, ndodo m'khwapa, kuguba ngati asilikali enieni. Mayendedwe awo tinawasunga. Mayina awo tinataya.

Pitani kuboma mukaone manda a nkhondo yoyamba ija, ya Ajeremani. Azungu amene anafera kuno ali ndi miyala, aliyense dzina lake, ndipo pamalopo amasesa. Nanga agogo athu amtengatenga, amene anasenza mabokosi a zipolopolo mpaka ena kugwera panjira, mwala wawo uli kuti? Timakonda kunena kuti atsamunda sanatilembe. Nzoona, sanatilembe. Koma atsamunda anapita. Pensulo ili m'manja mwathu tsopano, ana athu akupita kusukulu, ndipo chinthu choyamba chimene tikufuna kulemba ndi bodza. Tidzaloza chala ndani?

Ndipo yesani kuyenda ndi kope m'mudzi, kufunsa nkhalamba za kale. Musanatsegule tsamba wina wafunsa kale kuti, "Wakutuma ndani?" Gwakisa, amene ali ndi mpando m'chipani kumudzi kwathu, anandiuza kuti kufukula nkhondo za atsamunda nkusokoneza anthu. Ine khadi ndili nayo ngati iye, ndipo ndikudziwa kuti palibe amene anamutuma kunama pamanda. Wandituma ndani? Wandituma ndi munthu amene nkhope yake sindiikumbuka.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tadya phula zaka makumi anayi, nkumati ndi uchi.

Amene anabwerako amoyo atsala ochepa, ndipo sakudikira ife. Timawaona kamodzi pachaka atafola ndi mamendulo awo, tiwaombera m'manja, nkubwerera kwathu. Ndani mwa inu anakhalapo nawo pansi tsiku wamba, Lachiwiri masana, nkuwafunsa kuti, "Tata, amalume anga munawaona komaliza liti?" Ineyo ndinali ndisanachitepo mpaka sabata ino. Ndakhala ndikukalipa, kulemba makalata ku Zomba, kugwetsa mipando, pamene ku Mlare kuli a Kopolo Mwakibinga, amene anakwera galimoto imodzi ndi bambo anga. Ndimawadutsa pamsika mwezi ndi mwezi, kuwapatsa moni, nkupitirira. Ndinkaopa chimene angandiuze. Kukalipa nkosavuta.

Lolemba m'mawa ndinapempha tsiku kuntchito kusikimu ya mpunga, ndinapopa matayala, nkupalasa kupita ku Mlare. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato ndi waya. Ndisanamalize kudzifotokoza anandidula.

"Ndikukudziwa, iwe. Ndiwe wa Lusekelo. Mphuno imeneyo ndi yake, ndi kupsa mtima komwe. Zaka zonsezi umandidutsa ngati ndine chitsa. Wabwera lero ndili ndi mano atatu?"

"Pepani, tata. Ndinachedwa."

"Unachedwadi. Funsa."

Ndinafunsa kuti kunkhondoko ankawaitana ndani.

"Pa peredi anali Ambokile. Sajeni akakuwa, iye nkuyankha. Pakudya, ife akwathu tokhatokha, anali Lusekelo. Ankatiuza kuti tizimuitana choncho, angaiwale. Pa dzenje lake analembapo dzina la peredi lija. Ine ndinalipo. Ndinatchula dzina lakelo ndekha, chapansipansi, dothi likugwa."

Ndinatseka kope langa. Ndinawafunsa ngati angakanene zimenezi pamaso pa Gwakisa ndi banja lonse, Loweruka lisanafike.

"Kamnyamata ka Ambokile kaja? Ndinakaona kali ndi mamina. Tiye."

Analowa m'nyumba, anavala jekete, nkutuluka ndi ndodo. Ndinawayalira thumba pakaliyala, ndinawakweza, ndipo anandigwira malaya ndi manja onse awiri. Titangoyamba kutsika kamtunda kolowera kumsewu, anandibaya ndi chala pamsana.

"Palasa bwino, mwana wa Lusekelo. Ajapani anandilephera. Ndisafere pa njinga yako ndisanakanene."